Nsomba zopanda nsagwada zikuulula chiyambi cha mahomoni a m'thupi la munthu

MAKHANDA, South Africa – Miyala yakuda imene inafukulidwa pokonza msewu waukulu wa N2 pafupi ndi mzinda uno, m'chigawo cha Eastern Cape, yasunga kwa zaka 360 miliyoni chithunzi cha kansomba kotalika masentimita 4 okha. Kansombako kanalibe nsagwada. Pakamwa pake panali pozungulira, poyamwira, pokhala ndi timano m'mphepete.

Katswiri wa zamoyo zakale, Robert Gess, pamodzi ndi Michael Coates ndi Bruce Rubidge, anafotokoza za kansombaka m'magazini ya sayansi ya Nature m'chaka cha 2006. Anakatcha Priscomyzon riniensis, pokumbukira Rhini, dzina limene Axhosa amatchulira dera la mzindawu, umene kufikira m'chaka cha 2018 unkadziwika kuti Grahamstown. Kansombaka ndi ka mtundu wa lamprey, nsomba zimene zilipo mpaka lero.

Nsomba za lamprey ndi zinzake za hagfish ndi zokhazo zimene zatsala mwa zamoyo za msana zopanda nsagwada. Pa zaka 50 zapitazi, akatswiri akhala akuunika magazi, ubongo ndi chibadwa cha nsombazi pofuna kudziwa mmene mahomoni a m'thupi la munthu anayambira. Zimene apeza zikusonyeza kuti maziko a dongosolo la mahomoni ndi akale kuposa nsagwada, miyendo ndi mapapo, ndiponso kuti dongosololi linakula mwa kuchulukitsa ndi kugawa ntchito za zida zimene zinalipo kale.

Amithenga a m'magazi

Mahomoni ndi timadzi timene chiwalo china cha thupi chimathira m'magazi kuti tikapereke uthenga ku chiwalo china. Ndi amene amauza thupi la mwana kuti likule, la mtsikana kuti lithe msinkhu, ndi la mayi kuti litulutse mkaka. Amawongoleranso shuga, mchere ndi madzi m'magazi. Akatswiri a sayansi William Bayliss ndi Ernest Starling a ku London anapeza homoni yoyamba m'chaka cha 1902, ndipo Starling ndiye anayambitsa dzinali m'chaka cha 1905, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kudzutsa.

Homoni imayenda m'thupi lonse, koma imagwira ntchito pokhapo pamene pali maselo okhala ndi cholandirira chake. Akatswiri amayerekezera homoni ndi kiyi, ndipo cholandirira amachiyerekezera ndi loko. Apa ndi pamene panali funso lovuta. Kiyi wopanda loko alibe ntchito, ndipo loko wopanda kiyi ndi chimodzimodzi. Nanga pa kusintha kwapang'onopang'ono kwa zamoyo, chinayamba ndi chiti?

Mahomoni sasiya chizindikiro m'miyala monga amachitira mafupa. Njira yofufuzira mbiri yake ndi kuyerekezera zamoyo zimene zilipo lero. Ngati homoni ikupezeka mwa munthu ndi mwa nsomba imene makolo ake anapatukana ndi makolo a munthu kalekale, n'kutheka kwambiri kuti kholo la onse awiri linali nayo.

Achibale akutali

Zamoyo za msana zinagawikana pawiri zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo. Mbali ina ndi ya zokhala ndi nsagwada, monga shaki, chambo, chule, ng'ona, nkhuku, ng'ombe ndi munthu. Mbali inayo ndi ya zopanda nsagwada, zimene zinali zochuluka kale koma lero kwatsala magulu awiri okha. Nsomba za magulu onsewa ndi zazitali ngati mkunga, zilibe mamba, ndipo mafupa ake ndi ofewa ngati a khutu.

Pali mitundu pafupifupi 40 ya lamprey, ndipo imakhala m'madera ozizira a ku Ulaya, Asia, America, Australia ndi New Zealand. Ina mwa iyo imamatirira pa nsomba zinzake n'kumayamwa magazi. M'mitsinje ya mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara mulibe lamprey lero.

Mitundu ya hagfish ndi yoposa 70, ndipo yonse imakhala pansi pa nyanja zamchere, kumene imadya nyama zakufa ndi nyongolotsi. Ikagwidwa, hagfish imatulutsa zinthu zoterera ngati therere zimene zimatsamwitsa mdani. Mtundu wina, Eptatretus hexatrema, umapezeka m'mphepete mwa nyanja ku South Africa, kumene asodzi olankhula Afrikaans amautcha snotslang, kutanthauza njoka ya mamina.

Umboni wina woyambirira wa ubale wa mahomoni unachokera ku hagfish. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku Sweden ndi America, kuphatikizapo Sture Falkmer ndi Donald Steiner, anatenga insulin ya hagfish ya m'nyanja ya Atlantic n'kuiunika. Insulin ndi homoni imene imachepetsa shuga m'magazi, yomwe odwala matenda a shuga ena amabayitsa. Anapeza kuti kapangidwe kake n'kofanana ndi ka insulin ya nyama zoyamwitsa, ndipo imagwira ntchito pa maselo a khoswe, ngakhale kuti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Hagfish ilibe kapamba ngati wa munthu. Maselo ake opanga insulin anaunjikana m'kachiwalo kapadera kozungulira njira ya ndulu.

Lamulo lochokera ku ubongo

Mwa munthu, mahomoni ambiri amayendetsedwa motsatana. Mbali ya pansi pa ubongo yotchedwa hypothalamus imatumiza uthenga ku kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo kotchedwa pituitary. Kachiwaloka kamatulutsa mahomoni ake amene amalamula ziwalo zoberekera, chithokomiro, ndi tiziwalo ta pamwamba pa impso. Dongosolo lathunthu lotere silipezeka mwa zamoyo zopanda msana.

Homoni ya mu ubongo imene imayambitsa zonse zokhudza kubereka imatchedwa GnRH. Kapangidwe kake kanadziwika m'chaka cha 1971, ndipo Andrew Schally ndi Roger Guillemin analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1977 chifukwa cha ntchito yawo pa mahomoni a mu ubongo. GnRH inapangidwa ndi tizidutswa 10 totchedwa amino acid, tolumikizana ngati mikanda pa ulusi.

M'chaka cha 1986, Nancy Sherwood wa ku Canada, Stacia Sower wa pa yunivesite ya New Hampshire ku America ndi anzawo anapeza GnRH mu ubongo wa lamprey. Nayonso inali ndi tizidutswa 10, ndipo koyambirira ndi kumapeto kwake kunali kofanana kwambiri ndi GnRH ya munthu. Gulu la Sower linapezanso mitundu ina iwiri m'chaka cha 1993 ndi cha 2008, ndipo linasonyeza kuti mahomoniwa amakhwimitsa mazira ndi umuna wa lamprey.

Kusiyana kunaonekera pa pituitary. Zamoyo za nsagwada zili ndi mahomoni atatu apachibale ochokera m'kachiwaloka. FSH ndi LH amalamula ziwalo zoberekera, pamene TSH imalamula chithokomiro. M'chaka cha 2010, Katsuhisa Uchida, Masumi Nozaki ndi anzawo ku Japan anapeza homoni imodzi yokha ya mtundu umenewu mu pituitary ya hagfish, ndipo inkachuluka pamene ziwalo zoberekera zinkakhwima. Kafukufuku wa pa lamprey wapezanso imodzi yofanana nayo. Akatswiri ambiri amaona kuti kholo la zamoyo za msana linali ndi homoni imodzi yotere, ndipo atatu a masiku anowa anachokera kwa iyo.

Mmene chimodzi chinasandukira zitatu

Homoni iliyonse yopangidwa ndi amino acid, komanso cholandirira chilichonse, zimapangidwa motsatira majini, amene ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA. M'chaka cha 1970, katswiri wa ku Japan amene ankagwira ntchito ku America, Susumu Ohno, ananena kuti zinthu zatsopano m'zamoyo zimayamba malangizowa akakopedwa kawiri. Kope limodzi limapitiriza ntchito yakale, pamene linalo limakhala ndi mpata wosintha popanda kuika moyo pa ngozi. Ohno anaganizanso kuti makolo a zamoyo za msana anachulukitsa chibadwa chawo chonse nthawi imodzi.

DNA yonse ya lamprey ya m'nyanja inawerengedwa m'chaka cha 2013, ndipo ya hagfish inalengezedwa m'chaka cha 2024 ndi magulu awiri a akatswiri. Zotsatira zake zikusonyeza kuti kuchulukana koyamba kunachitika magulu awiri a zamoyo za msana asanapatukane. Kwachiwiri kunachitika mwa makolo a zamoyo za nsagwada okha, pamene nsomba zopanda nsagwada zinachulukitsa chibadwa chawo paokha m'njira ina. N'chifukwa chake mabanja a mahomoni a mbali ziwirizi amafanana pa tsinde koma amasiyana pa nthambi.

Loko anayamba, kiyi anabwera pambuyo

Yankho la funso la kiyi ndi loko linachokera ku mahomoni a gulu la steroid, amene thupi limapanga kuchokera ku mafuta otchedwa cholesterol. Munthu ali ndi zolandirira 6 za gululi: ziwiri za estrogen, chimodzi cha progesterone, chimodzi cha testosterone, chimodzi cha cortisol, homoni yothandiza thupi pa nthawi ya njala, mantha kapena matenda, ndi chimodzi cha aldosterone, imene imasunga mchere m'thupi kudzera mu impso.

M'chaka cha 2001, Joseph Thornton wa ku America anapeza mitundu itatu yokha ya zolandirirazi mu lamprey: cha estrogen, cha progesterone, ndi chimodzi chogwira ntchito zimene mwa munthu zinagawidwa kwa cortisol ndi aldosterone. Cha testosterone sichinapezeke. Atayerekezera malangizo a chibadwa, anapeza kuti cholandirira chakale koposa chinali cha estrogen.

Izi zinali zofunika chifukwa estrogen ndi yomalizira pa mndandanda wa kapangidwe ka mahomoniwa. Thupi limasandutsa cholesterol kukhala progesterone, kenako testosterone, ndipo pomaliza estrogen. Choncho progesterone ndi testosterone zinalipo kale m'thupi monga zipangizo za panjira, zisanakhale ndi uthenga wake. Pamene cholandirira cha estrogen chinakopedwa n'kusintha pang'ono, makope atsopanowo anapeza makiyi ali chikhalire.

M'chaka cha 2006, Jamie Bridgham, Sean Carroll ndi Thornton, ali pa yunivesite ya Oregon, anasonyeza kuti zosiyana ndi zimenezi zinachitikanso. Pogwiritsa ntchito malangizo a chibadwa a lamprey, hagfish ndi nsomba zina, anawerengera mmene cholandirira cha zaka pafupifupi 450 miliyoni zapitazo chinalili, n'kuchipanga m'nyumba yofufuzira. Cholandirira chakalecho chinavomera aldosterone, ngakhale kuti homoniyi inayamba kupangidwa patapita zaka mamiliyoni ambiri, mwa makolo a zamoyo za pamtunda. Zolandirira za lamprey ndi hagfish za lero nazonso zimavomera aldosterone, chonsecho nsombazi siziipanga. Loko amene anapangidwira kiyi wina wofanana naye anali atakonzeka kale.

Kiyi wakaleyo anapezeka m'chaka cha 2010, pamene David Close, Weiming Li ndi anzawo anasonyeza kuti homoni ya lamprey ya pa nthawi ya mavuto ndi 11-deoxycortisol. Mwa munthu, chinthu chimenechi ndi sitepe yomaliza thupi lisanapange cortisol. Mwa lamprey, kapangidweko kamathera pomwepo. Homoniyi imakwera nsomba ikapanikizika, ndipo imathandizanso ziwalo zake zopumira kuwongolera mchere pamene ikuchoka mu mtsinje kupita ku nyanja yamchere. Ntchito zimene munthu anazigawa pawiri, lamprey imazigwira ndi homoni imodzi.

Mbiri imeneyi inasiya chizindikiro m'thupi la munthu. Cholandirira cha aldosterone cha mu impso chimavomerabe cortisol, monga kholo lake linkachitira, ndipo cortisol ndi wochuluka kwambiri m'magazi kuposa aldosterone. M'chaka cha 1988, madokotala a ku Scotland ndi Australia anapeza kuti impso ili ndi mlonda, enzyme imene imafoola cortisol asanafike pa cholandiriracho. Mlondayu akalephera, kaya chifukwa cha chibadwa kapena chifukwa chodya kwambiri maswiti a liquorice, thupi limasunga mchere wambiri ndipo magazi amathamanga kwambiri.

Chithokomiro ndi chenjezo la miyala

Chithokomiro, chiwalo cha pakhosi chimene chimatupa munthu akasowa ayodini, chili ndi mbiri imene lamprey inaoneka ngati ikuisonyeza poyera. Lamprey ikaswa imakhala ngati nyongolotsi yosaona, ndipo imadzikwirira m'matope a mu mtsinje kwa zaka 3 mpaka 7 kapena kuposerapo, ikumasefa chakudya m'madzi. Kale anthu ankaiyesa nyama ina, mpaka August Müller wa ku Germany anasonyeza m'chaka cha 1856 kuti ndi mwana wa lamprey.

Mwanayu alibe chithokomiro. Ali ndi ngalande ya pansi pa khosi yotchedwa endostyle, imene imatulutsa ntchofu zokodwetsa chakudya komanso imasonkhanitsa ayodini. Ngalande yofanana nayo imapezeka mwa tinyama ta m'nyanja topanda msana timene ndi achibale apafupi a zamoyo za msana. Mwana wa lamprey akamasandulika kukhala wamkulu, maselo ena a ngalandeyo amasanduka chithokomiro. Kwa zaka zoposa 100, mabuku ankaphunzitsa kuti lamprey imabwereza m'moyo wake zimene zinachitika m'mbiri ya zamoyo za msana.

Komabe panali chodabwitsa. M'chaka cha 1912, Friedrich Gudernatsch anasonyeza kuti mbululu zodyetsedwa chithokomiro zimasanduka achule msanga. Mwa lamprey zimachitika mosiyana. John Youson wa pa yunivesite ya Toronto ndi ophunzira ake anapeza kuti mahomoni a chithokomiro amatsika kwambiri pamene kusandulika kukuyamba, ndiponso kuti mankhwala oletsa kupangidwa kwake angathe kuyambitsa kusandulikako nthawi isanakwane.

Miyala ya ku Makhanda inawonjezera umboni wina. M'chaka cha 2021, Tetsuto Miyashita wa ku Canadian Museum of Nature, Gess, Kristen Tietjen ndi Coates anafotokoza za ana a Priscomyzon a misinkhu yosiyanasiyana, pamodzi ndi ana a lamprey zina zakale za ku Illinois ndi Montana. Kamwana kakang'ono koposa kanali ka mamilimita 15, kali ndi thumba la chakudya cha m'dzira pamimba, koma kanali kale ndi maso aakulu ndi pakamwa poyamwira. Ana a lamprey zakale sanali osaona, ndipo sankasefa matope. Izi zikusonyeza kuti moyo wa m'matope unabwera pambuyo, mwina pamene nsombazi zinayamba kuswana m'madzi opanda mchere.

Chaka chotsatira, akatswiri a ku Japan amene anaunika kakulidwe ka hagfish m'dzira ananena kuti chithokomiro chake chimamera mwachindunji, osadzera pa ngalande ija. Iwo anaganiza kuti kholo la zamoyo za msana linali kale ndi chithokomiro, ndipo lamprey inadzutsanso chiwalo chakale. Mkanganowu ukupitirira, koma phunziro lake lavomerezedwa: lamprey ndi hagfish si makolo a munthu amene anaima chilili. Ndi achibale amene akhala akusintha kwa zaka 500 miliyoni monga mmene mbali ya munthu yasinthira, ndipo chilichonse chopezeka mwa iwo chiyenera kuyerekezeredwa ndi umboni wina chisanatchedwe chakale.

Phindu lake kwa asodzi ndi alimi

Gawo lalikulu la kafukufukuyu linayamba chifukwa cha vuto la usodzi. Lamprey ya m'nyanja ya Atlantic inadutsa mu ngalande ya sitima ya Welland, imene imalambalala mathithi a Niagara, ndipo inaoneka m'nyanja ya Erie m'chaka cha 1921. Itafalikira m'nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada, inathandizira kugwetsa usodzi wa nsomba za trout. Lamprey imodzi ingathe kupha nsomba zolemera makilogalamu 18 pa moyo wake.

Maiko awiriwa anakhazikitsa bungwe la Great Lakes Fishery Commission m'chaka cha 1955, ndipo kuyambira mu 1958 mankhwala otchedwa TFM akhala akuthiridwa m'mitsinje kuti aphe ana a lamprey. Chiwerengero cha nsombazi chatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 m'madera ambiri a nyanjazo. Pofuna njira zina zosadalira mankhwala, bungweli lakhala likuthandiza kafukufuku wa kaswanidwe ka lamprey. M'chaka cha 2002, gulu la Li pa yunivesite ya Michigan State linapeza fungo limene lamprey yaimuna yokhwima imatulutsa m'madzi pokopa yaikazi, ndipo boma la America linavomereza fungoli m'chaka cha 2015 kuti lizigwiritsidwa ntchito ngati nyambo.

Kumadzulo kwa America vuto ndi losiyana. Lamprey ya m'nyanja ya Pacific, imene ndi chakudya chamwambo cha mitundu ya eni nthaka a m'chigwa cha mtsinje wa Columbia, yachepa kwambiri chifukwa cha madamu. Close, amene anapeza homoni ya 11-deoxycortisol, ndi wochokera m'mitundu ya ku Umatilla, ndipo anagwirapo ntchito yobwezeretsa nsombazi m'mitsinje ya kwawo.

Ukale wa mahomoni ukuonekeranso m'maiwe a alimi a nsomba mu Africa muno. Mlamba suikira mazira mosavuta ukakhala m'dziwe lowetera. Oswetsa nsomba amaubaya madzi a pituitary yopera ya mlamba wina kapena ya nsomba ya carp, apo ayi mankhwala monga Ovaprim, amene ali ndi GnRH yopangidwa motengera ya nsomba ya salmon. Njirayi imatheka chifukwa makiyi ndi maloko a nsomba zosiyana kwambiri anachokera kwa kholo limodzi. Mankhwala ena otengera GnRH yomweyo amaperekedwa m'zipatala kwa odwala khansa ya prostate ndi kwa amayi ofuna thandizo la kubereka.

Ubale womwewo uli ndi mbali yake yoopsa. Popeza cholandirira cha estrogen n'chakale ndipo n'chofanana mwa zamoyo zonse za msana, mankhwala otayikira m'madzi amene amachita ngati estrogen, monga mitundu ina ya DDT ndi zotsalira za mapiritsi olerera, angathe kusokoneza kubereka kwa nsomba, achule, ng'ona ndi mbalame. Zimene zimaoneka pa nsomba za mu mtsinje ndi chenjezo kwa anthu omwa madzi a mtsinje womwewo.

Ntchito idakalipo yambiri, makamaka pa hagfish, imene imaswana pansi pa nyanja kumene n'kovuta kufikako. Bashford Dean wa ku America atafotokoza za mazira ake m'chaka cha 1899, panapita zaka zoposa 100 mpaka pamene Kinya Ota, Shigeru Kuratani ndi mnzawo ku Japan analengeza mu 2007 kuti akwanitsa kukulitsa ana a hagfish m'mazira oikiridwa m'thanki. Zotsalira za Priscomyzon zikusungidwa ku Albany Museum mu mzinda wa Makhanda, kumene miyala ina imene inapulumutsidwa pokonza msewu uja yakhala ikung'ambidwa umodziumodzi.